Tsiku limene m'mimba mwa hatchi munati zii

Boma litanditumiza ku Mzuzu kuchoka ku Dedza, mwana wanga wamkazi anali asanathe kukhala tsonga. Anabadwa ndi msana wofooka. Chimene chinamuwongola ndi hatchi yokalamba ya mayi wina wa ku Kaning'ina, amene ankakweza ana otere Loweruka lililonse. Ikamayenda pang'onopang'ono, mwanayo ankalimbitsa msana yekha, uku akuseka.

Koma mayiwo kulongolola kwake! Katemera asaphonye chaka. Mankhwala a njoka za m'mimba pa nthawi yake. Ziboda kuzikolokosola tsiku ndi tsiku. Ine ndemwe ankandigwira khosi n'kundigunditsa khutu pamimba pa hatchi.

"Pulikani, amama. M'mimbamu mukakhala phokoso, ili bwino. Mukangoti zii, imbani foni."

Loweruka lina iwo anali kumaliro ku Rumphi, makiyi atandisiyira. Tinapeza hatchi ikugubuduka m'fumbi, kudzuka, kugonanso. Bambo woyandikana nawo nyumba anali chilili, akuseka.

"Ikusewera iyi. Ndaipatsa madeya chidebe chonse, yakondwa chomene."

Kusewera kwanji thukuta lili kamukamu, n'kumacheukira pamimba pake? Ndinagunditsa khutu. Zii. Ndinatukula mlomo wake, nkhama zili mbuu. Ikafa iyi, mwana wanga akwera chiyani mu Mzuzu muno?

"Imwetseni madzi a mchere isanze," anatero bamboyo.

"Hatchi sisanza, bambo inu! Chotsani madeyawo!"

Ndinawakalipira, eya, ngakhale anachita mwa chifundo. Dokotala wa ziweto pafoni anati ndiiyendetse pang'onopang'ono, isadye kanthu. Ndinazungulira nayo bwalo m'kamvula kowaza kamene kanayamba kugwa, nsapato za kutchalitchi zikumira m'matope, mwana akundiyang'ana pa njinga yake ya olumala, osalira. Ndinaopa kwambiri.

Dokotala anafika pa njinga yamoto, anaibaya jakisoni, nailowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mimba. Kenako anati tidikire ichite ndowe; ikatero, ndiye kuti yapulumuka. Bambo uja sanachoke; anandilanda chingwe n'kumayenda nayo yekha.

Dzuwa litapendeka, hatchi inakweza mchira. Ine, mayi wamkulu, wa m'kwaya, ndinaimbira ndowe nthungululu! Mayi aja, dokotala uja, ngakhale bambo wa madeya, ndimawathokoza mpaka lero.

Mwana wanga anandikoka chitenje.

"Amayi, ndiye sifa?"

"Sifa."

Apo m'pamene analira.