Wothira Mchere Ndinali Ine

Ndinakwatira chikamwini kumapiri a kufupi ndi Nachisaka. Ndinapita kumeneko ndi khasu, njinga ndi katoni ya mabuku ong'ambika. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma kuwerenga sindinasiye. Ngakhale pepala lokulungira bonya ndinkayamba ndaliwerenga ndisanakolezere moto. Mkazi wanga ankanditcha aphunzitsi, ine n'kumavomera ngati ndi zoona.

Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akuluakulu amati akatero, odya ndiwozo amadwala mdulo. Ife ndife a mpingo, komabe mwambo umenewu sitinautaye. M'nyumba zina amangoitana mwana kuti adzathire. Ife tinalibe mwana woti timtume, choncho woitanidwa ndinali ine. Ndikangomva kuti, "Aphunzitsi, tabwerani kukhitchini kuno," ndinkadziwa kuti ulendo uno mimba palibenso. Ndinkathira mcherewo osamuyang'ana kumaso, ndipo kawirikawiri ndinkawawitsa ndiwo.

Chovuta chinali chakuti mwezi wa mkazi wanga sunkayendera limodzi ndi mwezi wa kumwamba. Nthawi zina ankandiitana kawiri mwezi umodzi usanathe. Nthawi zina tinkabzala chimanga, kupalira, mpaka kubandira, iye akudzithirira yekha mchere. Zitachitika choncho koyamba, ndinasangalala msanga. Ndinanong'oneza mlamu wanga, kuiwala kuti chinsinsi cha mlamu wangayo chimafika pamjigo dzuwa lisanalowe. Amayi a m'mudzi anayamba kumulandira ndowa mkazi wanga, ati asamanyamule zolemera. Kenaka tsiku lina masana ndinaitanidwa kukhitchini. Ndinamupeza atakhala pa mtondo, akuyang'ana moto. Sanandikalipire chifukwa cha pakamwa pangapa. Anangondiuza kuti kwa masiku angapo azikatunga madzi m'mamawa kwambiri, anthu asanadzuke.

Ndinali ndi buku la sayansi lopanda chikuto limene ndinagula pamsika ku Chezi. Linkanena kuti dzira la mkazi limakhwima pakati pa mwezi wake, ndipo nthawi yabwino ndi imeneyo. Ndinasanduka mlangizi wa m'nyumba: lero ayi, tidikire, mawa ndiye tsiku lake. Koma pakati pa chinthu chimene simukudziwa kothera kwake mungapapeze bwanji? Mkazi wanga anandipirira kwa nthawi ndithu, kenaka anandiuza modekha kuti thupi lake silinawerengepo buku langalo.

Zaka zinapita, ndipo anthu anayamba kuyankhula. Akuchikazi ena ankati mkamwiniyu ndi gojo. Alongo anga ku Ntchisi nawo ankandikumbutsa kuti akazi sanathe m'dziko muno. Ine ndinkaseka nawo n'kusintha nkhani, koma ndikamabwerera, njira ya m'mapirimo inkatalika. Mkazi wanga anasiya kupita kokaona ana obadwa kumene. Ankangopatsira sopo kwa anzake.

Amene anatithandiza ndi apongozi anga aakazi, munthu amene mwaulemu sitinkayankhulana maso ndi maso. Anatuma mkazi wangayo kuti andiuze kuti tikamaliza kusoka fodya tipite kuchipatala, ndipo tipite tonse awiri, chifukwa iwo sakufuna kumva kuti wolakwa ndi uyu kapena uyo.

Tinapita ku Madisi. Buku lija ndinalitenga, koma silinatuluke m'thumba. Adokotala anatiyeza tonse. Anatifotokozera kuti mazira a mkazi wanga sakhwima mwezi uliwonse, n'chifukwa chake msambo wake umabwera modumphadumpha, ndipo zimenezi zimachitikira amayi ambiri, sikuti wina watilodza. Anamupatsa mankhwala, natiuza kuti tizibwerako kuti azimuona. Mkazi wanga atawaululira za ulangizi wanga uja, adokotalawo anaseka pang'ono.

"Bambo, masiku musiye kuwerenga," anatero. "Muzingokhala monga banja."

Sizinatheke lero ndi lero. Tinabwererako maulendo angapo, ndipo kukhitchini ndinaitanidwabe. Kenaka kunakhalanso zii kwa nthawi yaitali, osandiitana. Ulendo uno palibe amene anatsegula pakamwa, ngakhale kwa mnzake. Tinkati ndi kuchedwa komwe kuja. Mkazi wanga atayamba kufooka ndi kunyansidwa ndi fungo la usipa, ine mwa nzeru zanga ndinagamula kuti ndi malungo, n'kumukweza panjinga kupita naye kuchipatala kuti akamuyeze magazi.

Anakhalitsa m'chipindamo. Atatuluka anadzakhala pafupi nane pabenchi, manja ali pamiyendo.

"Malungo sanawapeze," anatero. "Akuti mimba, ndiponso yakula kale."

Ndinamufunsa ngati anamva bwino. Anati namwino anamumvetsera kugunda kwa mtima wa mwanayo ndi makutu ake omwe. Mwana ameneyo ndi mtsikana amene lero amandipitirira kutalika, ndipo ndikamamuona ndimathokoza Mulungu, adokotala aja, apongozi anga, makamaka mayi ake amene anapirira zonse, kuphatikizapo ine.

Koma tsiku limenelo ndinali ndi mantha ndi mabampu a mumsewu. Ndinakana kupalasa. Ndinamukhazika pa kaliyala n'kumakankha njingayo wapansi, pachitunda ndi potsetsereka pomwe, thukuta lili kamukamu. Anthu odutsa ankafunsa ngati tayala laphwa. Iye anangogwira chishalo ndi manja awiri mpaka tinadutsa mlatho wachiwiri.

"Takwerani basi," anatero. "Mukapitiriza chonchi, ndichilira panjira pompano."