Tsiku Limene Ndinadya Nkhono ku France

Agogo achizungu amene ndimawasamalira ku Croydon, mu mzinda wa London, atandipempha kuti ndiwaperekeze ku France kwa miyezi itatu, ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula. Malipiro anali abwino, komanso ine chidwi ndi matenda anga. Chondivuta chinali Tadala, mwana wanga wa zaka khumi ndi zinayi. Tinkakhala nyumba imodzi koma ngati alendo. Ndikamufunsa m'Chichewa ankayankha liwu limodzi la Chingerezi, ndipo ndinkaopa kuti pobwerera ndidzapeza ngakhale liwu limodzilo litatha. Ndinamusiya kwa achemwali anga ku Peckham.

Kamudzi kamene tinafikira kanali ka nyumba zamiyala. Ndinkawakankha agogowo pa chikuku, tikuona matchalitchi akale ndi misika ya Loweruka. Ndinalawa chilichonse: buledi wautali ngati nzimbe, soseji zouma, tchizi chonunkha moti ntchentche zikanathawa. Mpaka lero ndimachita manyazi kunena kuti tchizicho ndinakagulanso.

Tsiku lina masana ndinapita kukagula buledi, n'kupeza sitolo zonse zotseka. Ine, pozolowera za ku London, ndinayamba kugogoda mwamphamvu. Mayi wogulitsa buledi anatsegula, anandilozera wotchi modabwa, kenako anaseka n'kundikoka dzanja. Kuseri banja lonse linali patebulo. Kumeneko nthawi ya chakudya ikakwana, malonda amadikira.

Anandiikira nkhono zokazinga mu batala ndi adyo. Nkhono zenizeni, zomwe kwathu ku Mulanje timazikankha ndi kamtengo! Ndinatsinzina n'kutafuna. Zinkamveka ngati nthutumba ya nkhuku, ndipo ndinawonjezera. Tinakhala maola awiri, ana akutsutsana ndi bambo awo, popanda wogwira foni. Sindinamve liwu ngakhale limodzi la chilankhulo chawocho, koma ndinachita nsanje, ndipo ndinasungulumwa kwambiri.

Ndinamutumizira Tadala chithunzi, n'kulemba kuti, "Amayi ako adya nkhono." Patapita masiku awiri anayankha ndi kankhope kosanza. Kameneko ndinakakondwerera sabata yonse.

Nditabwerera ku London ndinafika ku Peckham Lamlungu masana. Ndili pakhomo ndinamva mtsikana akunena kuti, "Anti, nyembazi mchere wachepa, musatinamize." Anthu anaseka. Nditalowa ndinapeza kuti wolankhulayo ndi Tadala, atakhala patebulo ndi ana a achemwali anga.

"Iwe, Chichewa wachiphunzira liti?" ndinamufunsa.

"Ndimachidziwa kalekale, amayi," anayankha. "Kuno timadya tonse, ndiye timacheza. Inu mumadya choimirira, bag ili paphewa, kuthamangira shift. Ndilankhule ndi ndani?"

Zinandipweteka, chifukwa sananame. Ndinali nditapita kutali kukasirira kwa eni ake chinthu chimene ndinachitaya ndekha m'nyumba mwanga. Ndinavula jekete, ndinasamba m'manja, n'kukokera mpando pafupi naye.