Tsamba Lathu Linang'ambika Pamwamba

Linali Loweruka, nyengo yokumba mtedza. Ine ndi atsikana anzanga tinkazira m'tchalitchi. Ndinali nditangotha msinkhu kumene, ndipo ntchitoyi ndinkadana nayo. Anzanga ankatha kunamizira mutu, koma mwana wa Aphunzitsi sankaloledwa kudwala tsiku lozira.

Tchalitchi chathu cha ku Kamtsitsi chinali cha mitengo ndi matope, chofolera ndi udzu. Chinali ku Mozambique, kuseri kwa mapiri a Dzalanyama. Inu obadwira pafupi ndi tala simungakudziwe. Ngakhale pa mapu palibe.

Ndinali chogwada pafupi ndi guwa, matope mpaka m'zigongono, pamene mfuti zinayamba kulira. Poyamba ndinkayesa nsungwi zikuphulika pamoto. Kenako tinaona utsi wakuda ku mudzi wa kumunsi, pamene nthawi ya lupsa inali isanakwane.

Munthu wina anadutsa pa njinga, wopanda malaya. Sanatsike. Anangofuula kuti akubwera, n'kupitirira. Palibe anafunsa kuti ndani. Masiku amenewo onse onyamula mfuti anali amodzi kwa ife, ovala yunifomu ndi osavala omwe.

Atate anali mphunzitsi komanso mlaliki wa pamalopo. Aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi. Ndiwo ankasunga buku la mpingo, lalikulu, la chikuto chakuda, m'bokosi la kunsi kwa bedi. Ife ana tinkaloledwa kulipukuta fumbi basi.

Bukulo analiyamba ndi mphunzitsi woyamba, amene amishoni a kuno ku Malawi anamutuma wapansi kalekale. Pa tsamba loyamba analemba m'mene ntchito inayambira, mtengo umene ankapempherera pansi pake, ndi amene anapereka malo. Mphunzitsi aliyense wobwera pambuyo ankawonjezera dzina lake pamenepo. Masamba enawo anali a mabanja. Banja lililonse linali ndi tsamba lake: ubatizo, mgonero, ukwati, imfa. Mzungu anafikako kamodzi kokha, pa machila. Agogo ankati malungo anamubweza asanaphunzire n'komwe kupereka moni. Ntchito yonse anaigwira ndi aphunzitsi.

Njira ya kumapiri inkadutsa pakhomo pa tchalitchi. Posakhalitsa anthu anayamba kufika ndi mitolo, mbuzi, ana kumbuyo. Atate anatuluka m'nyumba ndi buku lija, rula ndi lezala. Anakhala pa mwala wa pakhomo, n'kuyamba kuitana mabanja monga ankaitanira ana a sukulu m'mawa.

Ankaika rula, n'kudula tsamba, n'kulipereka kwa mwini wake. Ankadula mosamala, mzere wowongoka.

Amayi anafika ndi mlongo wanga Pilirani kumsana. "Atate ake a Esinati," anatero, potchula dzina langa, "anthu akufa uko, inu mukudula mapepala?"

"Kumene mukupitako akakufunsani kalata," anayankha atate osadzutsa mutu. "Bukuli likatsala ndi munthu mmodzi, lithera pa munthu mmodzi."

Ndinaima pambali pawo, matope akuuma m'manja. Kunena zoona ndinkafuna kulanda rulayo n'kuiponya m'tchire. Mpaka lero ndikaona munthu akulemba mzere ndi rula, mtima umandiwawa.

Tsamba lathu analifikira mochedwa, chifukwa ankayamba ndi a anthu ena. Mfuti zinali zitafika ku dambo. Lezala linagwa m'fumbi ndipo sanalifunefune. Anang'amba ndi dzanja. Pepala linang'ambika mokhota, kachigawo ka pamwamba, pamene panali dzina lawo, n'kutsala m'buku. Analikankhira m'manja mwanga. Chala changa chamatope chikuonekabe pakona.

M'bukumo munatsala tsamba loyamba lija ndi masamba a mabanja a kutsidya kwa dambo amene anali asanafike. "Tsogolani," anatero atate. "Ndingopereka awa, ndikupezani pa mkuyu."

Analikhwapatira bukulo n'kutsetsereka. Ankayenda mofulumira koma sankathamanga. Mphunzitsi sathamanga ana a sukulu akuona.

Pa mkuyu tinadikira. Mabanja ena anapuma pang'ono n'kupitirira. Tinatsala ife ndi a Nachisale, mayi wachikulire woyandikana nafe nyumba, amene ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi. Mthunzi wa mkuyu unachoka pamene tinakhala, n'kupita kwina. Kumudzi kunakwera utsi wina, wotuwa, wa udzu watsopano. Ndinaudziwa, chifukwa udzu wa tchalitchi ndinamweta nawo.

Amayi anaimirira, n'kumanganso mbereko. Ife tinawatsatira.

M'nkhalango sitinkayenda m'njira. Tinkadutsa m'tsekera wotalika kuposa munthu, wodula nkhope. Tinkadya mtedza wauwisi umene a Nachisale anazula pothawa, dothi likadali ku makoko. Moto sitinkakoleza. Pilirani akayamba kulira, amayi ankamutseka kukamwa ndi bere lopanda mkaka.

Pamalo pena tinapeza mphasa yoyalidwa bwinobwino pansi pa mtengo, pambali pake mtondo wawung'ono ndi nsapato za mwana. Munthu panalibe. Tinalambalala.

Tsamba lathu amayi analipinda, n'kuliika m'kathumba ka pulasitiki ka shuga, n'kulimangira m'duku. A Nachisale lawo analimanga pa mfundo ya chitenje m'chiuno, pamene ankasungira fodya wawo wa mphuno.

Mtsinje unali usanaphwe. Madzi anandifika m'chifuwa, ozizira ngati akuluma. Titaoloka, a Nachisale anamasula mfundo ija. Inki yonse inali itasungunuka. Pepala linangosanduka labuluu mbali zonse. Analiyanika pa mwala, akulitsendereza ndi timiyala, ngati kuti likauma malemba abwerera. Litauma analipinda n'kulimanganso.

Mapazi anga anang'ambika. Amayi anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo n'kundikulunga. Nthawi zonse ndinkacheuka. Chitsa chilichonse chakuda chinkaoneka ngati munthu wokhwapatira buku.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo tinatulukira m'munda wa chimanga chosanjidwa m'mikukwe. Chapatali tambala analira. Amayi anadzidzimuka. Kwathu atambala tinali titawapha kale onse, kuopa kuti angaulule pamene pali mudzi. Uyu analira kachiwirinso, ndipo palibe anathamanga kukamugwira pakhosi. Pamenepo ndipo tinadziwa kuti tili m'Malawi.

Mayi wina amene ankakolola anatiyang'ana kumapazi. Sanatifunse kumene tachokera. Anangotunga madzi m'chikho n'kuyamba kupatsa a Nachisale.

Patapita nthawi tinafika kuno ku Mpingu, kwa amalume amene anakwatira kuno. A Nachisale analibe wina woti n'kupitako, ndiye tinabwera nawo.

Zimene ananena atate zinachitikadi. Akulu a mpingo anatilandira bwino, kenako n'kufunsa kalata. Amayi anamasula duku. Abusa anawerenga tsamba lathu, n'kuyamikira kulemba kokongola, ndipo mgonero wotsatira amayi anadya nawo.

A Nachisale anapereka pepala lawo labuluu. Akulu analitembenuza uku ndi uku, n'kulibweza. Amayi anachitira umboni kuti mayiyu anabatizidwa iwo asanabadwe, koma anauzidwa kuti lamulo limafuna cholembedwa. A Nachisale anabwezedwa ku kalasi. Mayi wa imvi, wodziwa nyimbo zonse pamtima, ankakhala pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wanga, akuyankha mafunso a katekisima. Anamwalira asanadyenso mgonero. Zimenezi sindinazikhululukire, ngakhale sindidziwa woti ndimukwiyire.

Nkhondo itatha ambiri anabwerera, koma ku Kamtsitsi sikunamangidwenso. Anthu anakakhala m'mbali mwa msewu. Ine ndinakwatiwa konkuno. Ndinapitako kamodzi. Ndinapeza mitengo ya mango, chulu pamene panali guwa, ndi mwala wa pakhomo uja. Za atate aliyense anali ndi nkhani yake, ndipo palibe anali ndi manda oti andionetse.

Amayi atamwalira, tsamba linatsala ndi ine. Ndipamene ndinayamba kufunafuna ena aja. Ndikamva kuti ku maliro kuli munthu wa kwathu, ndinkapita. Limodzi ndinalipeza ku Nsaru, m'Baibulo la mayi wina wosaona. Lina ku Namitete, kuseri kwa chithunzi cha ukwati. Lina anaikidwa nalo m'manda mwini wake. Bambo wina wa ku Kabudula anaseka n'kundiuza kuti lake anapichirira fodya chaka cha njala. Ndinatsala pang'ono kumuponyera patapata.

Ndili nawo asanu ndi awiri, kuphatikizapo labuluu lija. Amakhala m'chitini cha mabisiketi. Mphemvu zinayamba kale kudya m'mphepete, ndipo denga langa limadontha.

Zaka zapitazi kunalengezedwa kuti mpingo ukulemba buku la mbiri yake, ndipo aliyense wosunga zakale abwere nazo. Ndinavala chitenje chatsopano, n'kukwera minibasi chitini chili pamiyendo. Ku ofesi ndinapeza mnyamata waulemu kwambiri. Anajambula masamba onse ndi foni yake, n'kunena kuti adzandiimbira. Nditabwererako patapita miyezi, anandiuza kuti foni ija inabedwa.

Ulendo wotsatira ndinapeza munthu wina. Iyeyo anati Kamtsitsi ndi dziko lina, ndikapereke kwa eni ake. Ndinatumiza uthenga kwa abusa a ku Mozambique. Yankho linabwera lakuti ntchitoyo inayambidwa ndi a ku Malawi, choncho mapepalawo ndi a ku Malawi. Pothawa paja malire tinawadutsa osawaona n'komwe. Lero mapepala asanu ndi awiri akulephera kuwadutsa.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndadekha mpaka imvi, nkhonoyo sinatulutse ngakhale diso limodzi.

Bukulo linatuluka. N'lokongola, sindikana. Muli zithunzi za matchalitchi a njerwa, ndi azungu a ndevu atakhala pa mipando, anthu akuda ataima kumbuyo opanda maina. Za kwathu muli mzere umodzi, wonena kuti ntchito ya kuseri kwa mapiri sinakhalitse ndipo palibe zolembedwa zimene zinatsala.

Ndinawerenga mzerewo chitini chili pambali panga. Chinandigwira si chisoni koma ukali.

Ndinapitanso. Tsiku limenelo ndinakumana ndi wapampando wa komiti, bambo wachikulire wa magalasi. Ndinayala masamba pa tebulo lawo. Ndinawauza za mkuyu, za rula, za a Nachisale. Anamvetsera bwino, ndiwapatse ulemu wawo.

"Mayi," anatero, "bukuli tikadzalisindikizanso tikhoza kuwonjezera. Koma ife timaika zimene zili ndi umboni. Kodi dzina la Aphunzitsiwo lalembedwa pati?"

Ndinayang'ana masamba aja. Chilembo chilichonse cha zaka zomalizazo chinali cha dzanja la atate. Maina a ana a eni, masiku a ubatizo, timitanda ta omwalira, zonse analemba ndi iwo. Koma pa tsamba lathu, pamene panayenera kukhala dzina lawo, panali m'mphepete mong'ambika. Tsamba loyamba, la maina a aphunzitsi, linapita nawo kutsidya kwa dambo.

"Nanga inuyo tangolitchulani, tilimve," anatero wapampando.

Kwathu mwana satchula dzina la atate ake. Amayi sanalitchulepo ine ndikumva. Ine sindinalitchulepo chibadwire. Ndinatsegula pakamwa, lilime n'kukana. Wapampando anadikira, kenako n'kuyang'ana wotchi. Ndinalongedza masamba anga n'kukakwera minibasi, ndikudzitukwana njira yonse.

Ndicho chifukwa chake ndagula kope ili. Akufuna cholembedwa, ndiye ndalemba.

Ku Kamtsitsi kunali tchalitchi, ndipo ntchito yake inakhalitsa mibadwo itatu. Amene tinafika kuno ndife amayi, ine, Pilirani ndi a Nachisale. Pilirani ali moyo, amalima fodya ku Nambuma, ndipo sakumbukira chilichonse. Mabanja a kutsidya kwa dambo sindinakumanepo ndi mmodzi yemwe. Sindidziwa ngati masamba awo anawafika.

Amene anapita kukawapereka anali mphunzitsi womaliza wa ku Kamtsitsi. Atate, mundikhululukire. Dzina lawo anali Yosofati Banda.