Ming'alu m'puloti ya a Fagness

M'mawa uliwonse a Fagness akamapita ku mpunga amapereka moni puloti ndi puloti, motchula dzina. "Mwadzuka bwanji a Jenifa! Nanga mwendo uja?" Mawu awo ndi aakulu, amamveka mpaka kutsidya kwa ngalande. Ine ndine wamanyazi, ndiye chaka choyamba ndinkangoyankhira pansi, nkhope ili kumatope. Iwo n'kumati, "Amake Tawina, mukuyankha ine kapena achule?"

Anabadwira konkuno, kumunsi kwa Mtakataka. Anakwatiwa ku Golomoti, ndipo amuna awo atamwalira anabwerera ndi ana atatu ndi makasu awiri. Powokera mbande palibe wowaposa, mizere yawo imawongoka popanda chingwe. Ndi iwo anandiphunzitsa kubereka mwana molimba kuti ndikawerama asatsetserekere m'madzi. M'kasikimu ka mthirira ka kalabu yathu puloti yawo ndi yomaliza, kumapeto kwa ngalande. Yathu ndi yogundizana nayo, chakumtunda. Pakati pathu pali kamzere ka dothi basi.

Madzi timalandira mosinthana masiku. Kiyi wa geti lotsegulira madzi amasunga a Gidiyoni, ndipo ndi iwowo anatipezera puloti ine ndi bambo a Tawina titangokwatirana.

Lachitatu lina, tsiku la a Fagness, dzuwa linakwera madzi asanafike. Ananyamuka kukafunsa ku geti. Ine ndinali kuseri kwa nthochi chapafupi pomwepo, ndikuyamwitsa. Ndinaona zonse. A Gidiyoni anawagwira m'chiuno, dzanja lina pachifuwa, n'kunena kuti, "Mkazi wopanda mwamuna, madzi sangangobwera okha." A Fagness anawakankha, chitenje chinamasuka, anathawa atachigwirira ndi dzanja. Pothawapo maso athu anakumana. A Gidiyoni sanandione. Ndinamukanikiza Tawina pabere kuti asalire.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, monga zimathera zina. Koma pa msonkhano wa kalabu Loweruka, a Fagness anaimirira n'kunena zonse, amuna ali pomwepo.

"Nanga ku getiko munapitiranji nokha?" anafunsa a Daudi, apampando athu.

"Puloti ndimalima ndi ndani, woti ndipite naye?"

Ena anaseka. A Jenifa, omwe aja a mwendo, anati, "Komatu inu a Fagness mumaseka ndi aliyense. Moni wanu uja mwamuna amaona ngati mwamuitana."

"Ndiye ndizidutsa anthu ngati mbuzi?"

Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti masiku ano wailesi yawononga akazi, ukangomukhudza paphewa akuti nkhanza. Wina anati akanakauza akazi awo a Gidiyoni mwakachetechete, osati kuchititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. A Pitala, amene samayankhulayankhula, anati, "Mukufunsa mayiyu yekhayekha. Nanga dzanjalo linapita lokha? Mwini wake si ameneyu wakhala apayu?" Phokoso linabuka, aliyense kuyankhula nthawi imodzi.

Kenako a Gidiyoni anaimirira, kiyi akumuzunguza pachala. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukutsegulirani madzi. Ngati alipo anaona, aimirire."

Ndinayamba kukonza chipewa cha Tawina chomwe chinali chokhala kale bwino. Ndinkadikira kuti a Fagness anditchule. Sananditchule. Sanayang'ane n'komwe kumene ndinakhala. Apampando anati popanda mboni nkhaniyo iyambe yaima.

Kunyumba ndinawauza bambo a Tawina. Anatseka chitseko masana. "Iwe sunaone kanthu. Wamva? Akatilanda puloti ija tikalima pamutu pako?"

Kuyambira pamenepo, Lachitatu likafika madzi amathera m'njira. Sabata yoyamba akuti m'ngalande munadzaza zinyalala. Yachiwiri akuti mtsinje waphwa. Koma kwathu amafika, odzaza mpaka m'akakolo. Tsiku lina a Gidiyoni anaima pa njinga pafupi ndi puloti yathu. "Amake Tawina, mpunga wanu ukukongolatu. Madzi akufika bwinobwino, eti?" Ndinati eya. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanapalase. Mpaka lero sindikudziwa ngati wina anawauza za nthochi zija.

Ku mjigo a Felesita, anzathu a m'kalabu momwemo, anandinong'oneza kuti nawonso zinawachitikira chaka chatha, pa geti pomwepo. "Koma musanditchule, chonde." Ndinangoti iyayi, sindingatero. Tinasenza zidebe, aliyense njira yake.

Tsopano patha masabata atatu. Mpunga wa a Fagness wafika potulutsa ngala, nthawi imene sufuna ludzu ngakhale pang'ono. Masamba apiringizika. Pansi pang'ambika ming'alu yolowa dzanja langa lonse. Amatunga ndi ndowa kudambo, koma ndowa ingatani pa puloti yonse? Madzi amangolowa m'ming'alu n'kusowa. Ana atatu aja chakudya chawo ndi mpunga womwewo.

Lamulo la kalabu limati woboola mzere wa malire kuti apatse mnzake madzi amulande puloti. Ndipo sizibisika. Dothi louma likanyowa limada, aliyense wodutsa amaona kumene madzi achokera.

Dzulo masana linali tsiku lathu la madzi. Bambo a Tawina anali atapita ku msika ku Golomoti. Ndikuzula udzu ndinamva mapazi, ndipo nditadzutsa mutu a Fagness anali ataima pa kamzere kaja, khasu lili m'manja. Milomo yawo inali yosweka. Ndinayang'ana kumtunda ngati kukubwera njinga.

"Musaope, amake Tawina," anatero motsitsa mawu, moti ndinachita kuyandikira kuti ndimve. "Za kumsonkhano zija sindikukukakamizani. Ndikudziwa muli ndi mwana wamng'ono."

Ndinafuna kunena kuti pepani, koma sanandidikire.

Anandipatsira khasu lija, mpini kutsogolo. "Ndikaboola ine ati ndaba. Boolani inuyo, pang'ono pokha, pongokwana chikhatho. Mpungawu ungomwako lero lokha."