Tsiku Lomwe Ndinatulutsa Brad pa Gulu

Covid itatseketsa sukulu yathu ku Al Aziziya, kudziko la Aluya, aphunzitsi anzanga anandisankha kukhala adimini wa gulu lathu la WhatsApp. Ankati Mmalawi sangakondere pa mikangano ya Angerezi ndi Aamerika, yomwe inkangokhala ya tiyi ndi mpira. Lamulo ndinalemba ndekha: wonyoza dziko la mnzake kawiri atuluke kwa sabata.

Brad wa ku Amerika atabwereza zoti tiyi wa Angerezi ndi madzi otsukira mbale, ndinamutulutsa pompo. Koma Colin, Mngerezi, anali atanyoza Amerika kanayi konse, ine n'kumangokhala ngati sindinaone.

Chifukwa chake chimandichititsa manyazi. Colin anaphunzitsapo ku Zomba kwathu. Ndege zitaima, pasukulu ponse ndi iye yekha amene ankandilembera kumbali kuti, "Mwadzuka bwanji achimwene?" n'kunditumizira chithunzi cha sitiroberi za pamsewu wokwera phiri. Ndikanamutulutsa, akanandipatsanso moni ndani?

Sabata itatha, Brad analemba pagulu kuti, "Ndinalakwadi. Adimini wathuyu sakondera."

Ndinamuyankha ndi kachala kovomereza. Kenako ndinatsegulanso chithunzi cha sitiroberi chija.