Wotchi ya Che Bakali ndi Dzuwa Lomwe Linabwerera

Ku Mauwa kwadutsa atelala ambiri, koma wokonda chitsulo ngati Che Bakali sanabadwenso, ndipo akadzabadwa tidzamva ndi fungo la mafuta. Ankasokera pakhonde la sitolo ya pamphambano, makina awo opalasa ndi mapazi ali waliwali moti ntchentche ikatera inkaterereka. M'mawa uliwonse, asanalowetse ulusi pasingano, ankatulutsa kabotolo kamlomo wautali n'kumawadontheza makinawo, apa dontho, apo dontho, uku akuwafunsa mmene agonera. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi basi: chilichonse choyenda chimafuna mafuta. Njinga yawo inkayamba ulendo eni ake asanakwere. Chitseko cha nyumba yawo chinasiya kulira kalekale, mpaka akazi awo a Subira ankadandaula kuti anakwatiwa ndi munthu wolowa m'nyumba ngati mphaka.

Wotchiyo anaiona ku Limbe mu 1965, itagona pagalasi la sitolo ya mmwenye, iwo atapita kukagula ulusi ndi mabatani. Inali ya nkhope yoyera, lamba wachikopa, mivi itatu, wachitatuwo wowonda ngati singano, wosakhazikika. Kwa zaka ziwiri, ulendo uliwonse wa ku Limbe ankayamba apita kaye kukaipatsa moni. Mwini sitolo anafika poganiza kuti boma lamutumizira mlonda waulere. Mu 1967, atasoka mayunifolomu a sukulu mpaka msana kupindika, analowa m'sitolomo ndi chifuwa n'kutuluka nayo pamkono.

Wogulitsayo anawapatsa malamulo atatu. Azipukusa kachitsulo kam'mbali m'mawa uliwonse, kakayamba kulimba azisiya. Isaone madzi. Isagwe. Za mafuta sananene, chifukwa sanaganize kuti pansi pano pali munthu wofunika kumuuza zimenezo.

Atafika kunyumba, ntchito yoyamba inali kufupikitsa mkono wakumanzere wa malaya awo onse, ndi mkanjo wa kumzikiti womwe, zala ziwiri ndendende. Vuto linali lakuti moni sapereka ndi dzanja lamanzere. Koma Che Bakali anakumbukira kuti munthu waulemu popereka moni amagwiriziza mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka munthu waulemu kuposa wina aliyense m'boma la Chiradzulu. Ankagwiriziza popatsa moni akuluakulu, anzawo, ana, ngakhale munthu amene wangodutsa kumene n'kubwerera kuti waiwala khasu.

Kunena zoona, ankaisamala. Akatha kuswali, pemphero lawo la m'bandakucha, ankakhala pamphasa n'kuipukusa kamakumi awiri, akuwerenga chamumtima, ndipo ukawalankhula pakati ankayambiranso. Seveni koloko ankaima pafupi ndi wayilesi ya musitolo kuyerekeza nthawi. Anaisokera kathumba kansalu yofewa koikamo posamba m'manja asanapemphere. Mvula ikawapeza panjira, tsamba la nthochi linkafunda mkono wakumanzere, munthu yense akuvumbwa ngati chitsa.

"Bambo a Zuwena," anatero a Subira tsiku lina, "ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu m'nyumba muno, simunandisokerepo kathumba."

"Inu mukagwa mumadzuka nokha, mayi."

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadani unagwera mu Disembala, pakati pa mvula. Anthu ankalimbana ndi udzu m'minda tsiku lonse osalawa ngakhale dontho la madzi, makutu ali kumzikiti kudikira kuti Che Hamadi aitane azana ya kulowa kwa dzuwa, amasule. Che Hamadi anali mkulu woopa Mulungu, wa maso ofooka. Kukakhala mitambo sankafuna kulakwitsa, ndiye ankadikira mpaka kude kwenikweni, anthu atagwira makapu m'manja, milomo itachita mbee. Amuna ena ankalumbira kuti anamasulapo tambala atatsala pang'ono kulira.

Apa m'pamene wotchi inapeza ntchito. Masiku atatu a kumwamba koyera, Che Bakali anaima pachulu cha kuseri kwa mzikiti, diso lina kudzuwa, lina pamkono, n'kupeza kuti dzuwa limamira sikisi koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Anakawauza Che Hamadi. Mkuluyo anaika wotchiyo kukhutu nthawi yaitali.

"Kakunena chiyani kameneka?"

"Kakuwerenga, Che Hamadi. Sikagona, sikapita kumunda, sikamva njala."

"Ndiye n'chifukwa chake sikanganame," anavomera mkuluyo. "Koma udziwe, mwanawe, kuti wanyamula kusala kwa mudzi wonse pamkono pakopo."

Kwa milungu pafupifupi iwiri zinayenda ngati ulusi pa makina. Kukachita mitambo, Che Bakali ankaima pakhomo la mzikiti, mkono m'mwamba, nkhope ngati woweruza milandu, n'kugwedeza mutu kamodzi. Che Hamadi n'kuitana. Amayi ankawatumizira futali wa mbatata wokwana anthu asanu. Ndikukuuzani, masiku amenewo Che Bakali akanati lero ndi Lachiwiri pa tsiku Lachisanu, anthu akanabwerera kumunda.

Ndiye linafika tsiku la nambala sikisitini. M'mawa, atatha kuyerekeza ndi wayilesi, anaika wotchi kukhutu ndipo mtima wawo unawawa. Anamva ngati kaphokoso kake kauma. Kanthu kogwira ntchito usana ndi usiku, kotumikira mzikiti wonse, miyezi inayi osalawa mafuta ngakhale dontho? Makina osokera, omwe amagona usiku wonse, amadya m'mawa uliwonse. Anadziona ngati munthu wankhanza.

Anatsegula kachivundikiro kakumbuyo ndi nsonga ya sizasi. Anasuzumiramo. Timawilo tating'onoting'ono togwirana mano, ndi kawaya kowonda kuposa tsitsi, kopindidwa ngati nkhono, kakupuma ngati mtima wa mwanapiye. Anatenga kabotolo kaja. Dontho loyamba linali lachifundo. Lachiwiri linali lothokoza. Lachitatu linangogwa lokha, koma analilandira. Atatseka n'kuikanso kukhutu, kaphokoso kanali kachangu kuposa kale.

"Yasangalala," anadziuza.

Tsiku lonse kunali mitambo yakuda ndi mvula yowaza, dzuwa losaoneka olo pang'ono. Anthu anangodabwa kuti tsiku likuyenda bwino. Wotchi itayandikira sikisi, Che Bakali anavala mkanjo.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Subira, akusenda mbatata. "Nkhuku sizinalowe."

"Nkhuku zili ndi wotchi?"

"Zilibe, koma sizinalakwitsepo."

Anagwedeza mutu pakhomo la mzikiti, Che Hamadi anaitana, ndipo mudzi wonse unameza. Madzi anatsika, nthochi zinatsika, phala linatsika. Che Bakali anali atangoluma mbatata yachiwiri pamene khoma la mzikiti linayamba kufiira. Kumadzulo mitambo inang'ambika ngati nsalu yakale, ndipo dzuwa linasuzumira, lathunthu, lonenepa, lisanaganize n'komwe zokagona. Linali pamwamba pa mitengo ya bulugamu kutalika kwa mkono wonse. Linawayang'ana anthu mmodzimmodzi, aliyense ndi chimene chinali m'kamwa mwake.

Palibe anatafuna. Palibe analavula. Munthu akamasula dzuwa lisanalowe, tsiku limenelo lapita, adzalibweza Ramadani ikatha, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezo. Tsiku lathunthu la khasu ndi ludzu linathera m'kamwa kutatsala ola limodzi lokha kuti likwane.

Kenako mawu anayamba. Wina anati mmwenye uja anagulitsa chinthu chowola. Wina anati zitsulo za azungu sizidziwa Ramadani. Wina anati aiponye m'chitsime. Onse ankatukwana wotchi, ndipo za kabotolo kaja panalibe ankadziwa, ngakhale a Subira. Che Bakali akanangopukusa mutu limodzi ndi anzawo, dzina lawo likanatsala loyera.

Anaimirira, mbatata ija ikadali m'kamwa.

"Abale anga, musainamizire. Wotchiyi ilibe mlandu. Ndaithira mafuta a makina m'mawa uno, madontho atatu. Wogulitsa sanandiuze kuti nditero, ndi nzeru zanga. Tsiku lanu ndakudyerani ndine."

Kenako mkulu wina kumbuyo anafunsa ngati anakumbukira kuithira mchere, ndipo kuseka kwake kunamveka mpaka ku Nchema. Che Hamadi okha sanaseke. Anangoti, "Tidzabweza tonse Idi ikapita," n'kulowa mumzikiti kukadikira dzuwa lenileni.

Kutacha, Che Bakali anakwera njinga, ali pa swaumu, osadya osamwa, kupita kufupi ndi mishoni ya Nguludi, kumene kunali mmisiri wina, a Gregorio, Mlomwe wokonza mawotchi ndi maloko pansi pa mtengo wa mango. A Gregorio anatsegula wotchiyo, n'kuinunkhiza, n'kuwayang'ana eni ake kuyambira kuchisoti mpaka kunsapato.

"Achimwene, mumafuna kudziwa nthawi kapena mumakazinga?"

"Ndimaiona ngati yauma."

"Ntchito yanu?"

"Utelala."

"Ndinadziwa. Akanakhala wokonza njinga akanaipopa mpweya."

Anawabwereka kagalasi koika padiso limodzi n'kuwaonetsa kawaya kaja. Mafuta anali atamata mizere yake pamodzi, kawaya n'kufupika, ndiye m'malo moyenda kankathamanga. A Gregorio anamasula tizitsulo kamodzikamodzi, n'kutitsuka m'kambale ka petulo, n'kutiyanika papepala loyera. Pomaliza anaviika nsonga ya singano m'kabotolo kakang'ono ngati chala cha khanda, n'kuwaonetsa.

"Mukuwaona mafutawo?"

"Ayi."

"Ndiye akwana. Mukawaona, achuluka. Ndipo kawaya aka sikalawa, ngakhale pa Khirisimasi. Ntchito yanu ndi kupukusa, kupukuta ndi kuisiya. Kuisiyako ndiye kovuta."

Che Bakali anakhala pamenepo mpaka masana, akufunsa dzina la kachitsulo kalikonse, ndipo a Gregorio, amene anali asanapezepo womvetsera wotero, anaiwala nkhomaliro yawo n'kusala nawo mosadziwa.

Wotchi inabwerera ikuyenda limodzi ndi wayilesi ngati mapasa. Koma kumzikiti palibe anaifunsa. Che Hamadi anabwerera kumachitidwe awo akale odikira mdima. Che Bakali ankakhala kumzere wakumbuyo, dzanja lamanja litaphimba mkono wofupikitsa uja, ndipo panjira ana ankawafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, kwacha kapena kwada?" Ankayankha moni wokha. Futali wa amayi anasiya kubwera.

Kutatsala masiku atatu kuti Ramadani ithe, kunagwa nkhungu yoti munthu sankaona chala chake. Amuna anakhala pakhonde la mzikiti, makapu ali pambali, osayembekezera chilichonse chabwino. Che Hamadi anatuluka, n'kuyang'ana kumene kunkayenera kukhala kumwamba, n'kutembenuka.

"Che Bakali. Akuti bwanji mwana wanu wapamkonoyo?"

Wina anang'ung'udza kuti tsiku limodzi lobweza ndi lokwanira.

"Ndamva," anatero Che Hamadi. "Kachitsuloko sindikadziwa. Ndikudziwa munthu amene anaimirira mbatata ili m'kamwa n'kunena kuti ndine, pamene tonse tinali titamupezera kale womunamizira. Ameneyo akandiuza nthawi, ndimva."

Che Bakali anavundukula mkono pang'onopang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Yakwana, Che Hamadi. Koma ndipatseni mphindi ziwiri."

Anathamanga, mkanjo uli m'manja, mpaka kumpanda wa nyumba yawo.

"Mayi a Zuwena, zalowa?"

"Zalowa zonse, ndi chitambala chomwe," anayankha a Subira m'nkhungumo. "Kauzeni anthu adye."

Idi itapita, mudzi unabweza tsiku lake, ndipo Che Bakali anasala awiri, lachiwirilo akuti linali la wotchi. Anakhala wosunga nthawi wa mzikitiwo zaka makumi awiri ndi kuposa. Kamodzi pa zaka zitatu ankapalasa ulendo wa ku Nguludi kukaitsukitsa, atanyamula malaya atsopano a a Gregorio. Mawotchi a mabatire atadzaza m'misika, owala manambala ndi oimba nyimbo, anyamata ankabwera pakhonde paja kudzaonetsa awo, ndipo pakapita miyezi ankabweranso kudzafunsa nthawi. Che Bakali ankakweza mkono wamalaya ofupika uja n'kuwauza mpaka mphindi. Kabotolo kamlomo wautali kankakhala kumanja kwa makina, wotchi kumanzere, ndipo a Subira amati m'mawa wina uliwonse ankawaona amuna awo akuyang'ana uku, n'kuyang'ana uko, n'kukhalira dzanja lawo lamanja mpaka chilakolako chitapita.