Mayi a Makala ndi Funso Limene Anapita Nalo

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi amene ambiri mu mpingo uno ankangowadziwa kuti Mayi a Makala. Moyo wawo taulemba m'kalata ya parishi ino kuti amene ankawaona pa benchi yachitatu ya kumanzere adziwe munthu amene ankapemphera naye.

Anabadwa oyamba m'banja la ana asanu. Bambo awo ankagulitsa makala pa njinga. Mayi awo atadwala miyendo, mwana woyambayo anasiya sukulu ali m'kalasi lachitatu n'kuyamba kuunjika timilu ta makala m'mbali mwa msewu. Anaphunzira msanga kusiyanitsa makala olemera, okhalitsa pa mbaula, ndi opepuka aja amene amathetheka n'kutha madzi asanawire. Katekisimu anamuloweza pamtima chifukwa kuwerenga kunkawavuta. Pa tsiku la ubatizo anasamba m'manja katatu koma zikhadabo zinakhalabe zakuda, ndipo anafunsa mphunzitsi wa katekisimu ngati madzi a ubatizo angagwire pa munthu wotero. Anawauza kuti agwira.

Anakwatiwa ndi mwamuna wofatsa amene ankapakira katundu m'malole. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira asanayambe kuyenda, ndipo patapita zaka khumi ndi zinayi mwamunayo anatsatira. Za munthu wotsala yekha m'nyumba imene munali awiri sizilembeka bwino, choncho tizisiye. Zimene zinkaoneka ndi izi: Loweruka lililonse ankasesa tchalitchi, Lachinayi ankayendera odwala, ndipo kwa zaka makumi atatu makala ofukizira lubani ankachokera kwa iwo, osankhidwa limodzilimodzi. Mayi wobwera ndi ndalama yoperewera ankabwerera ndi mulu wathunthu. Mchimwene wawo wamng'ono atamwalira, anatenga mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Zonse zimene mwanayo anadya, anavala ndi kupita nazo kusukulu zinatuluka m'thumba la makala.

Mtsikanayo atatsala pang'ono kumaliza sekondale anasankhidwa kukhala mlembi wa achinyamata a parishi. Chaka chimenecho achinyamata anapita ku msonkhano wa masiku atatu, n'kubwerako ndi malaya olembedwa kumsana komanso mawu atsopano. Misa itatha, mtsogoleri wawo, mnyamata wamtali amene anzake ankangomutcha Tcheya, anapatsidwa mpata wolankhula. Analankhula bwino. Anati mitengo ikatha mvula imasokonekera, mitsinje imauma, anthu amayamba kulimbirana madzi ndi minda, ndipo nkhondo zambiri za m'maiko akutali zimayambira pamenepo. Anati achinyamata ndiwo adzakhale m'dziko lowonongekalo, choncho sangakhale chete. Anamaliza ndi mawu akuti thumba lililonse la makala ndi chipolopolo.

Anthu anawomba m'manja. Mayi a Makala anayambanso kuwomba, kenako anayang'ana manja awo n'kuwabisa m'nsalu.

"Iwe, tabwera," anatero kwa mtsikanayo atafika kunyumba. "Nkhondo zija timazipempherera Lamulungu lililonse, akuti ndikuyambitsa ndine?"

"Sananene inu, azakhali."

"Nanga m'tchalitchi muja wina wogulitsa makala ndani? Wansembe?"

"Ndi nkhani ya dziko lonse lapansi, azakhali. Zinthu zonse zimalumikizana."

"Dziko lonse lapansi ndi timilu tanga tija? Ine ngakhale legeni sindinaigwirepo."

Mtsikanayo anafotokozanso kuyambira pachiyambi, mitengo, mvula, mitsinje. Azakhali ake ankagwedeza mutu pa chilichonse, chifukwa chilichonse pachokha chinali chomveka. Chimene sichinkamveka n'chakuti iwo analowamo bwanji. Panali funso lina limene linafika pakamwa pawo, lakuti sukulu imene yamuphunzitsa zimenezi inachokera m'thumba liti. Sanalinene tsiku limenelo.

Loweruka anapita kukalapa. Zimene zinalankhulidwa kumeneko ankazifotokoza okha kwa aliyense wofunsa.

"Bambo, ndidalitseni, koma sindikudziwa ngati ndachimwa."

"Mwadula mitengo ingati, mayi?"

"Ndi umodzi womwe. Ine ndimangopikula."

Wansembeyo anati nkhaniyo si tchimo lofanana ndi kuba, komanso si nkhani yoti munthu angoinyalanyaza.

"Ndiye ndi chiyani, Bambo?"

"Pempherani kolona, ine ndikaganize."

"Nanga thumba la kukhitchini kwanu lija, Lolemba ndibweretse?"

"Bweretsani," anatero wansembeyo.

Mayiwo anatuluka mutu utazungulira kuposa mmene analowera.

Patapita milungu itatu, achinyamata pafupifupi makumi atatu analowa mumsika ndi zikwangwani, akuimba, n'kulunjika ku mbali yogulitsira makala. Pafupi ndi Mayi a Makala pankakhala mnzawo wa zaka zambiri amene msika wonse unkamutcha Wailesi chifukwa cha pakamwa.

"Taonani ana odya zophikidwa ndi mphepo!" anafuula Wailesi. "Inu a Tcheya, tiyi wa m'mawa uja amayi anu anawiritsa pa chikwangwani?"

Anthu anaseka. Mnyamata wina, pochita manyazi, anamwaza mulu wa makala ndi phazi. Kuseka kunathera pomwepo. Ana a ogulitsa makala anatola miyala ndi matabwa, ndipo khala lalikulu linauluka n'kumenya mlembi uja pachikope. Mayi a Makala ataona magazi pankhope ya mwana wa mchimwene wawo anadzuka kuti apite kwa iye.

"Mukawolokera uko musabwererenso kuno!" anatero Wailesi.

Mayi a Makala anaima. Anatembenuka kuyang'ana anzawo amene anakhala nawo padzuwa ndi pamvula kwa zaka zonsezo. Anatembenukanso kuyang'ana mwana. Anapezeka ali pakatikati penipeni, chitini choyezera makala chili m'manja, ndipo panalibe amene akanaponya mwala osawamenya iwo.

"Ndiime kuti?" anafunsa. Anayang'ana uku ndi uku. "Inu, ndiuzeni, ndiime kuti?"

Anaimabe pomwepo mpaka manja a onyamula miyala anatopa, ndipo miyalayo inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Ena masiku ano amanena kuti kumeneku kunali kulimba mtima. Eni akewo ankakana. Ankati sankadziwa kopita basi.

Mbali zonse ziwiri zinawaona ngati wogulitsa anzake. Kumsika ena anasiya kuwapatsa moni. Kutchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, panali achinyamata amene ankatembenukira kwina. Sanadandaule kwa munthu. Mwezi womwewo anasiya kupikula makala.

"Palibe wandiuza kuti ndi tchimo, palibenso wandiuza kuti si tchimo," anatero. "Ndiyambe ndaima."

Anayesa tomato, koma tomato sankamudziwa, ndipo ankawawolera m'dengu. Anayamba kuchapira anthu zovala ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Anawonda. Mtsikana uja anawadandaulira kuti abwerere ku makala.

"Dzana unati chipolopolo, lero ukuti ndibwerere. Iwe mwana, ukufuna mutu wangawu uthe?"

Achinyamatawo sanali oipa mtima, ndipo anaona zimene mawu awo anachita. Anapeza pepala lofotokoza kapangidwe ka makala a zinyalala, a utuchi ndi mapepala onyika m'madzi, n'kuitana mpingo wonse kuti udzaone kuseri kwa holo. Makalawo anafuka utsi umene unathamangitsa anthu mpaka kumsewu, kenako anaphwanyika ngati buledi wonyowa. Madzi a m'ketulo sanafunde n'komwe.

Mtsikanayo anabwerera kunyumba masana amenewo maso ali ofiira, n'kupeza azakhali ake akuphika. Pa mbaula panali timipira takuda, toboola pakati, tikuyaka mwakachetechete popanda utsi. Anali atationa moyo wake wonse koma sanafunsepo.

"Azakhali, izi n'chiyani?"

"Zisiye izo, ndi za amphawi. Ndi fumbi la pansi pa matumba, losakaniza ndi dothi. Akabwera alendo ndimabisa."

Mtsikanayo anakauza anzake, ndipo m'mawa mwake Tcheya anali pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Mayi, tabwera kudzaphunzira."

"Kwa ine woyambitsa nkhondo?"

"Ndinalankhula mopitirira, mayi. Mundikhululukire."

"Ayi, mwina munanena zoona. Chimenecho ndiye chimene sindikuchidziwa. Khalani pansi."

Mayiwo anayang'ana makala a achinyamata aja amene Tcheya anabweretsa, n'kufinya limodzi. Anati utuchi wauwisi ndi nkhuni chabe, uyenera kuyamba wapsa. Anawaphunzitsa kuwotcha utuchi ndi makoko a mtedza m'mgolo wotseka mpaka zitada, kusinja, kuthira dothi lochepa kwambiri, kuumba, kuboola pakati ndi chala, ndi kuyanika masiku asanu osati awiri. "Moto sufuna phuma," ankatero akaona wina akufuna kuyatsa osauma. Koma ataona mgolo ukufuka anafunsanso ngati utsi umenewo sukafika kumitsinje kuja. Tcheya anati utsiwo ndi wochepa. Iwo anati timilu tawo tija nato tinali tochepa. Tcheya anakanda m'mutu.

Mwana wa Wailesi, yemwe uja anaponya khala, anabwera tsiku lina kudzaseka, n'kutsala mpaka madzulo akusinja. Anali ndi njinga komanso ankadziwa nyumba iliyonse yogula makala, zinthu zimene ana a sukulu analibe. Anzake anamutsatira. Mayi a Makala anabwerera pa malo awo akale mumsika, ndipo Wailesi anawasunthira benchi akunyoza kuti tsopano ayamba kugulitsa matope.

Tisakulitse nkhani. Malole a makala akubwerabe, mvula ikugwa mmene ikufunira, ndipo nkhondo za kutali tikuzipemphererabe. Koma kwa zaka khumi ndi ziwiri achinyamata a mbali ziwiri zija akhala akugwira ntchito pa bwalo limodzi la kuseri kwa nyumba ya mayiwa, ndipo mumsika simunaulukenso mwala.

Fumbi la zaka zonsezo linakhazikika m'chifuwa mwawo. Chaka chathachi anasiya kufika ku Misa. Tsiku lomaliza m'mawa anabwera wansembe wathu watsopano kudzawadzoza mafuta, ndipo iwo anamufunsa funso lawo lija, poti wakale uja anasamutsidwa akuganizabe.

"Mulungu ndi wachifundo, mayi," anatero wansembe.

"Zimenezo ndikuzidziwa, Bambo. Ine ndafunsa za makala."

Wansembe atatuluka, mwana wa mchimwene wawo, amene tsopano ndi mphunzitsi ndipo ali ndi banja lake, anawagwira dzanja.

"Simunalakwe, azakhali. Tinalakwa ndife."

"Iwenso usandinamize. Mitengo ija inathadi. Ndili mwana makala ankabwera pa njinga, lero lole imayenda masiku awiri."

"Ndiye mukuti munalakwa?"

"Nanga iwe ukanadya chiyani?"

Mayiwo ankapuma pang'onopang'ono, kolona ili pachifuwa.

"Basi, ndikafunsa komweko," anatero. "Kunja kukuoneka bwanji?"

"Kuli mitambo."

"Kawauze anyamata alowetse makala ali padzuwa aja."

Mphunzitsiyo anatuluka kukanena. Pobwerera anapeza azakhali ake atapuma, nkhope ili phee.

Ambiri a ife timadikira kuti timvetse kaye tisanasinthe kanthu. Mayi awa sanamvetse mpaka tsiku lomaliza, koma anasiya chimene chinkawadyetsa poopa kulakwira anthu amene sanawaonepo, anamvera ana amene anawanyoza, ndipo anawo atalephera anawaphunzitsa. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ngati n'kotheka awayankhe. Mvula inagwa masana omwewo. Anyamata anali atalowetsa kale makala onse.